Mpango wa Apongozi Pamphuno pa Galimoto

Nkhondo itatha, asilikali anzake a Venâncio anabwerera kwawo atasenza khasu, chidebe ndi kathumba ka mbewu, monga mmene anawagawira potula mfuti. Iye ayi. Khasu anagulitsa tsiku lomwelo, chidebe anasinthanitsa ndi kachasu, mbewu anakazinga n'kutafuna. Tindalama take anatiphatikiza ndi ta malonda ena amene munthu waulemu safunsa, napita ku Tete kumene ankagulitsa katundu wosiyidwa ndi azungu oyang'anira mtendere. Anabwerako ndi galimoto.

Inali yoyera, yayitali miyendo, ya bokosi lapululu kumbuyo, ndipo inali ndi khalidwe limene anthu a ku Moatize anali asanalione: inkasintha magiya yokha. Venâncio akafika pamsika ankavula nsapato ya kumanzere n'kuikhazika pagalasi la kutsogolo, kuti ngakhale wogulitsa tomato adziwe kuti phazi limenelo linapuma ntchito. Pachitseko analembetsa ndi penti wofiira kuti REBOQUE, ndipo ntchito yake inali yomweyo, kukoka magalimoto ofera panjira. Ntchitoyo sinkasowa. Msewu wa ku Zóbuè unali utatsegukanso, ndipo chilichonse cha matayala anayi, ngakhale chimene nkhuku zinaikiramo mazira zaka khumi, chinatulutsidwa kuti chikanyamule anthu obwerera kuchokera ku Malawi.

Minga ya Venâncio inali kumtunda. Mkazi wake Dionísia kwawo kunali kamudzi ka m'tsinde mwa phiri la Zóbuè, kumene amalima kachewere ndi kabichi, ndipo kumeneko mwamuna akakwatira amamanga kuseri kwa apongozi n'kugwira khasu. Venâncio anakana. Anati iye sanazembe zipolopolo zaka zisanu ndi ziwiri kuti akafe ndi nsabwe za m'kabichi. Anamtenga mkaziyo n'kutsika naye ku Moatize. Koma Dionísia atakwera kwawo kukachira mwana woyamba, Gina, a Abílio, malume ake a mkaziyo, eni mbumba, anatseka njira ndi mawu awiri okha: mbumba yawo sipuma fumbi la malasha, wofuna mkazi akwere.

Anakweradi, koma anasankha tsiku loipa. Anali akukoka kabasi kodzaza matumba a mchere, akuganiza kuti akangokasiya pamalire akhotera kwa apongozi ngati munthu wa ntchito zake. Atadutsa Mussacama, msewu utayamba kuimirira, kaisha ya galimoto, ndiye kuti bokosi la magiya, inayamba kununkha ngati mtedza wopserera. Injini kubangula, matayala osamva. Inakaima pachitunda chomaliza, pamalo pamene mudzi wonse wa apongozi umaona msewu ngati uli pachikhatho. Mlamu wake Amós anatsika ndi ng'ombe zinayi. Wokoka anakokedwa, kabasi ka mchere kakutsatira pambuyo, mudzi wonse uli m'mbali mwa msewu ngati kukudutsa ukwati.

A Abílio anatsamira ndodo yawo, nadikira kuti phokoso lichepe kuti mawu awo asatayike.

"Mwamva nonse," anatero. "Ine ndikadzafa, munthu uyu asadzandinyamule. Ndingadzawolere panjira."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'nthiti. Dionísia sanaseke, koma sanatsikenso.

Mawa lake galimoto itazizira inayenda, pang'onopang'ono ngati wodwala malungo, mpaka kukafika ku ofisina, ndiye kuti galaja, ya Mesitiri Jossias, pansi pa mlambe pafupi ndi njanji ya ku Moatize. A Jossias anali mekaniku wa ku mgodi kalelo nkhondo isanaimitse sitima. Anali munthu wosafulumira, wa diso limodzi lofiira ndi utsi wa kuwotcherera zitsulo. Anasolola kandodo koyezera oleyu, mafuta a m'kaisha, nakanunkhiza ngati fodya wokayikitsa.

"Galimoto iyi sikudwala," anatero. "Ukudwala ndiwe. Azungu ankanyamula nayo mapepala ndi botolo la madzi. Iwe ukuikoketsa nyumba."

"Ntchito yanga ndi imeneyo, Mesitiri."

"Ndiye tamvera. Kaisha yosintha yokha ilibe phazi loithandiza, imakankha ndi oleyu. Ukaisenzetsa katundu pachitunda, oleyu amatakasika mpaka kuwira. Ali ndi kanjira kake kodutsa m'radiyadolo wa madzi kuti azizizirako, koma kanjirako anakapangira mapepala aja. Ukufunika radiyadolo wachiwiri, wa oleyu yekhayekha. Oleyu akatuluka m'woyamba, alowe m'wachiwiri, ndiye abwerere kwawo ali wofatsa. Ulendo uno kaisha yakukhululukira. Kachiwiri sikhululuka."

Anakhuthula oleyu wakudayo, nathira watsopano wofiira ngati magazi a nkhuku. Kenako anayala thumba pansi n'kuikapo zinthu ziwiri.

Choyamba chinali chaching'ono, kapaipi kopindapinda ngati njoka yodutsa m'timalata topyapyala. A Jossias anakakankha ndi chala cha kuphazi.

"Aka ndakuonetsa kuti usadzati ndinakubisira. N'ka munthu wokoka ngolo ya nkhuku. Oleyu amangodutsa m'paipimo ngati mlendo wothamangira basi, mphepo osamupeza bwino."

Chachiwiri chinali chakuda, cholemera m'manja, kukula kwake ngati thileyi ya tiyi, cha timbale tosanjikizana tambirimbiri. Chinabwera ndi woyendetsa lole wina kuchokera ku Joni.

"Ichi ndiye chako. Oleyu amabalalika m'timbale tonseti, mphepo imam'peza kulikonse kumene wabisala. Ndachiyeza ndi katundu amene umakoka, ndaonjezapo misala yako, chikukwanabe. Chimalowa kuseri kwa mano a galimoto, tizitsulo ta kumaso tija, kutsogolo kwa radiyadolo wa madzi. Pamenepo mwala sufika, mbuzi sifika, dzanja la munthu silifika."

Koma Venâncio sankayang'ana pathumba. Maso ake anali pa chinthu chotsamira mlambe, chachikulu ngati chitseko cha khola, chimene nkhuku za a Jossias zinachisandutsa chogona. Chinachokera pa chimakina chofukula malasha chimene chinafa chaka chimene njanji inadulidwa.

"Nanga icho?"

"Icho si chogulitsa. Icho n'cha nkhuku."

"Ndi radiyadolo wa oleyu kapena ayi?"

"Ndi wa oleyu, inde. Wa chinthu cholemera kuposa tchalitchi. Shamwali, kukula si kuziziritsa. Chimaziziritsa ndi mphepo. Icho kuseri kwa mano sichilowa. Ndikachikakamiza chitseka radiyadolo wa madzi, upulumutse kaisha uwotche injini. Mapaipi akhala aatali, malo odontha achuluka. Ndipo m'mawa wa Juni ku Zóbuè oleyu adzauma ngati uchi, udzakhala ukudikira dzuwa ngati buluzi."

"Tichiike panja. Pa zitsulo zotchinga ng'ombezi."

"Epa! Panja?"

Venâncio anakhala pa tayala lakutha, napukuta thukuta ndi chipewa. Atalankhula, analankhula motsitsa.

"Mesitiri, inu simunamve mmene anasekera. Chinthu chobisika kuseri kwa mano adzachiona ndani? Ine ndikufuna nkhalamba ija ikangosuzumira pamsewu ione kuti china chake chasintha. Ione ili pakhonde, isanavale n'komwe magalasi."

A Jossias anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lofiira lija, kenako ndi labwino lomwe.

"Ndiye sukufuna choziziritsa oleyu. Ukufuna choziziritsa apongozi. Chimenecho sindigulitsa." Anapuma, nalavula. "Koma mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Thamangitsa nkhukuzo."

Anagwira masiku awiri. Anachitsuka m'kati ndi palafini mpaka zaka zonse za malasha zitatuluka, nachiwotcherera pa zitsulo za kutsogolo, nasiya mpata wa chikhatho chimodzi kumbuyo ndi pansi kuti radiyadolo wa madzi naye apumeko. Atamaliza anagwira Venâncio pakolala.

"Lamulo ndi limodzi. Pamaso pa chinthu ichi pasadzakhale kanthu. Nsalu ayi, tayala ayi, chikwangwani ayi. Ngakhale chithunzi cha Maria Woyera, uwapemphe akhale m'kati. Ukachitseka, watseka onse awiri, ichi ndi wa madzi yemwe. Ndipo wotchi yako yoyezera kutentha ndi mphuno. Ukamva mtedza, ima."

Chonyansa cha nkhaniyi n'chakuti chinthucho chinagwira ntchito. Venâncio anakoka thirakitala kuchokera ku Benga, anakoka lole ya makala, anakoka basi ya mpingo ndi kwaya yomwe ili momwemo, oleyu ali psuu ngati wa dzulo. Anachipaka penti wa siliva. Amayi a pamsika ankati a Venâncio ayamba kuyenda ndi thandala loyanikapo mbale, koma iye ankati nsanje ilibe mankhwala. Anayamba kufunafuna chinthu cholemera kwambiri, ngakhale chaulere, choti akadutse nacho pamaso pa a Abílio tsiku la Sabata anthu akutuluka m'tchalitchi.

A Abílio sanam'dikire. Monga munthu amene moyo wake wonse sanakondweretsepo mkamwini, anadwala chifuwa, anawatengera ku chipatala ku Tete, namwalira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'chigwa likusungunula phula.

M'mawa wina Venâncio akutsuka thandala lake lasiliva ndi kansalu, anamva mapazi kumbuyo. Anali Dionísia, atavala zakuda, maso otupa, milomo youma. Miyezi isanu ndi itatu anali asanamuone.

"Atate ake a Gina, lole ya maliro yafa pa siteshoni apa. Anthu ayamba kale kunong'ona kuti malume akukana."

"Akukana chiyani, munthu woti wafa?"

"Musalankhule ngati mwana. Galimoto ya maliro ikaima panjira mukudziwa zimene anthu amanena. Manda akumba kale, adzukulu akudikira, ndipo ndi dzuwa ili malume safika mawa." Anayang'ana chithandala chija, nabweza maso msanga ngati waona munthu akusamba. "Amayi anena ndi pakamwa pawo. Mukawafikitsa malume, nditsika nanu ine ndi Gina, palibe adzatsegule pakamwa. Koma mukakaima nawo panjira, mukukumbuka zimene malume ananena tsiku lija. Mudzi wonse ukukumbuka. Adzati akufa akukanani, ndipo amene akufa am'kana, amoyo sam'patsa mwana."

Venâncio anavala nsapato zonse ziwiri.

Pa siteshoni anapeza lole ya matani atatu, bokosi la maliro lili pakati, anthu okwana makumi awiri atalizungulira. Iye ndi woyendetsa loleyo, Marcelino, anakwawira pansi kukamanga chitsulo chokokera. Mabawuti anali a dzimbiri, ndipo anatenga nthawi. Ali chagada pansipo ankamva kuthyoka kwa nthambi ndi mawu a amayi, koma sanasamale. Galimoto ya maliro imayenera kukhala ndi masamba kutsogolo kuti a panjira adziwe. Tinthambi tiwiri titatu, basi.

Atatuluka n'kuzungulira kutsogolo, anagwira kumutu.

Apongozi ake aakazi, a Matilde, mlongo wa malemu, anali katswiri woluka mikeka. M'misasa ya ku Malawi analera ana ndi zala zimenezo. Ndipo m'moyo wawo wonse anali asanapatsidweko chimango chokongola ngati chimenechi: chachikulu, chowongoka, cha mipata yofanana. Analowetsa nthambi za mango m'zitsulo, kupingasa, kubweza, kukanikiza ndi chala chachikulu, misozi ikugwera pamasamba. Siliva yense anabisika, ndi mpata uja wa chikhatho chimodzi womwe. Potsiriza anavula mpango wawo wakuda wa paphewa, nautambasula pakati, naumanga ngodya zonse zinayi ndi mfundo za munthu wodziwa kumanga.

Tsono chiyambire ukwati, Venâncio anali asanawayang'anepo a Matilde kumaso, asanawalankhulepo liwu. Akakumana panjira iye ankapatukira kutchire, ndipo tsiku lina anapatukira m'chitedze n'kukanda sabata yathunthu. Munthu amene anakana khasu la apongozi, mwambo uwu wokha ankausunga ngati dzira, mwina chifukwa sunkatulutsa thukuta. Kulankhula nawo kunali kosatheka. Kukhudza nsalu yochoka pathupi pawo, bola kugwira njoka.

Anakokera Dionísia pambali.

"Amake Gina, masamba aja atseka mphuno ya galimoto. Kawauzeni amayi."

"Amayi alira masiku atatu. Mlongo wawo anali mmodzi yemweyo. Ndipite ndikawauze kuti misozi yawo ikusokoneza chitsulo chanu?"

"Mungochotsako pang'ono inuyo."

"Pamaso pa anthu onsewa? Mwana kumasula chimene mayi wamangira maliro? Mesa munkati chinthu chanuchi n'chachikulu kuposa cha wina aliyense. Chilephera tsamba?"

A Jossias anali atabwera kudzapepesa maliro monga mwa ulemu. Anagwira chanza amuna, anawerama kwa amayi, nafika kutsogolo kwa galimoto. Anaima. Anayamikira kalukidweko ndi mutu. Kenako anaika chigubu cha oleyu m'manja mwa Venâncio n'kumunong'oneza.

"Kuseri kwa mano dzanja silikanafika."

Ananyamuka dzuwa lili pamutu. Kuchigwa zinayenda bwino, moti Venâncio anayamba kuganiza kuti a Jossias ndi nkhalamba yamantha. Milambe inkadutsa, mafupa a malole opsa m'nthawi ya nkhondo ankadutsa, kumbuyo amayi akuimba nyimbo za maliro. A panjinga ankatsika, amuna ankavula zipewa, wapolisi wa pa kontirolo anachotsa mgolo wake osafunsa pepala. Ulemu wotere Venâncio anali asanaulandirepo, ndipo unamukoma. Sanaganize kuti mphepo yomwe ankaidalira ndi imene inkamata masamba aja pazitsulo ngati dzanja lotseka pakamwa.

Atadutsa Caphiridzange, Dionísia amene anakhala naye kutsogolo anakweza mphuno.

"Kodi wina akukazinga mtedza?"

"Ndi m'midzi umu," anatero Venâncio, kunja kulibe nyumba ngakhale imodzi.

Ukamva mtedza, ima. Koma aime bwanji? Akaima, nyimbo ileka, anthu ayang'anana. Akapitiriza, kaisha ipsa, aimabe. Anasankha chimene amasankha amuna ambiri, kupondereza phazi n'kumayembekeza kuti tsoka lili ndi ntchito kwina. Pa Mussacama kamphepo ka kumapiri kanalowa pawindo, iye nati tapulumuka. Koma kamphepoko kankazizira iye, osati oleyu. Msewu unaimirira. Injini inayamba kubangula mopitirira liwiro, ngati galu wouwa atamangidwa. Galimoto inkagwira, kutaya, kugwiranso.

"Gwira, mayi, gwira," ankainong'oneza. "Chitunda chimodzi chokha. Ndidzakugulira matayala."

Inagwira mpaka pamalo pamene inadziwa. Pachitunda chomaliza chija, pamene mudzi wa apongozi umaona msewu ngati pachikhatho, matayala analeka kumva. Marcelino anaponda mabuleki a lole, amuna analumpha kukaika miyala. Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Kenako mayi wina wokalamba m'lolemo ananena mawu amodzi, osakweza n'komwe.

"Ananena."

Kumtunda anthu a pamaliro anali atatuluka m'misasa n'kundandalika. Ndipo pakhola, poonekeratu, Amós anali atayamba kale kumanga ng'ombe m'goli, mosafulumira, ngati munthu amene ankadziwa kuyambira m'mawa.

Venâncio anayang'ana Dionísia. Dionísia ankayang'ana manja ake. Venâncio anatsika, navula chipewa, nazungulira kutsogolo. Masamba a mango anali atafota n'kuda ngati ndiwo zogona, utsi ukutuluka m'mphepete mwa mpango. Anagwada pa phula lotentha, msana ataulozetsa ku lole kumene kunali apongozi, nalankhula ndi galimoto mokweza ngati ali pa perete.

"Iwe galimoto, ndakulakwira. Iwe umapuma ndi mphuno, ndipo mphuno yako yatsekedwa kuyambira ku Moatize. Malemu alibe mlandu. Koma ine ndine mkamwini. Ndilibe dzanja lokhudza chimene chakutseka, ndilibe pakamwa pouza eni ake. Ifa, tifere limodzi."

Marcelino anayang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

M'lolemo a Matilde anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Anasendera ku bokosi, nagogoda pachivindikiro katatu ndi nkhonya, monga mmene ankagogodera pachitseko cha mlongo wawo akagonereza.

"Achimwene, mwamva? Akuti si inu mukukana. Akuti ndi mpango wanga. Tawafunsani eni galimotowo, inu muli pafupi ndi Mulungu: munthu wanzeru amaika mphuno panja ngati thandala, n'kumadabwa akazi akayanikapo?"

Wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko n'kuchisandutsa kulira.

"Muwafunsenso kuti pakamwa pamene anakanira khasu panali pabwinobwino. Lero panathawira kuti, mtunda wonsewu?"

Venâncio anayankha akadali chogwada. "Iwe galimoto, uwauze amene akufunsawo kuti ndinaopa misozi yawo."

"Achimwene, muwauze kuti misozi yanga siinaphikepo galimoto. Yaphika ndi ulemu wa anthu opusa." Anagogodanso, mwamphamvu. "Ndipo inunso mumve. Munandivutitsa muli moyo zaka makumi asanu ndi limodzi. Lero simundigoneka pamsewu. Kaya mukufuna kaya simukufuna, mukwera ndi mkamwini yemweyu. Dionísia! Kachotse nsalu yanga, ingapse. Masambawo umange pa magalasi ndi padenga, mmene amachitira anthu."

Dionísia anamasula mfundo zinayi zija, nasolola nthambi imodzi imodzi, akuuzira zala. Siliva anaonekanso, ndipo kutentha kunatuluka ngati mu uvuni wa njerwa. Venâncio anathira oleyu wa a Jossias, nasiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti oleyu azizungulira.

"Akuti chimafuna mphepo," anatero a Matilde, akuuzabe bokosi. "Chipatseni mphepo."

Amayi asanu ndi mmodzi anatsika, navula nsalu zapamwamba, naima kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kukupiza, uku akuyambiranso nyimbo pamene inadukira. Oyendetsa malole ochokera kumalire ankachepetsa liwiro, kuvula zipewa, n'kupitirira pakamwa pali yasa. Amós anafika ndi ng'ombe zake, koma mayi ake anangomuyang'ana, iye naziimika pambali.

Patapita ola, Venâncio anakoka ndodo ya magiya n'kuiika pa yoyamba. Anapemphera kwa oyera onse amene ankawakumbukira maina, ndi ena a m'gulu lake la nkhondo omwe. Galimoto inanjenjemera, inaganiza, kenako inagwira. Inakwera pa liwiro la munthu wopita kokapepesa mlandu, amuna akukankha lole, amayi akuimba, ng'ombe zinayi zikutsatira pambuyo zopanda ntchito. A Abílio analowa m'mudzi mwawo atakokedwa ndi mkamwini, ndipo anaikidwa dzuwa lisanagwire phiri. Pobwera kumanda akuluakulu anagwirizana kuti malemu sanakane. Anangofuna kuima pamalo pawo paja kuti aseke komaliza.

Atasesa maliro, a Matilde anatuma Amós kukanena kuti mawu ndi mawu, mkamwini atenge banja lake. Venâncio anakweza sutikesi ya Dionísia, mphasa, thumba la kachewere ndi nkhuku ziwiri. Dionísia anakhala kutsogolo, Gina ali pamiyendo. Mudzi unasonkhana kudzatsazika. Iye anavula nsapato ya kumanzere, naikhazika pagalasi, naliza injini, nakoka ndodo.

Injini inalira bwino kwambiri. Galimoto sinasunthe. Anayesa cham'mbuyo. Nkhuku zokha ndi zimene zinasuntha.

A Jossias anakwera patapita masiku atatu pa lole ya simenti. Anasolola kandodo, nayang'ana oleyu wakuda bii wa tizitsulo tonyezimira, ndipo sanavutike n'kununkhiza.

"Ndinati kachiwiri sikhululuka. Chitunda chija inakwera ndi mzimu wokha."

"Ndiye titani, Mesitiri?"

"Zam'kati zonse zapsa. Za mtundu uwu ku Tete kulibe, ku Blantyre kulibe. Ndiuza wa ku Joni uja. Mwina mvula ikatha." Anasisita chithandala chasiliva ngati akutsazika mnzake. "Ichi chokha ndiye chili bwinobwino. Chingakoke tchalitchi."

Galimoto yokoka magalimoto m'dera lonselo inali yomweyo. Kuisiya pamsewu, anthu a malonda a pamalire akanaisenda usiku umodzi n'kusiya malembo ofiira okha. Kutsika popanda iyo, ku Moatize akanakadya chiyani, fumbi la malasha? Choncho ng'ombe za Amós zinapeza ntchito yake pomaliza. Zinaikokera kuseri kwa nyumba ya a Matilde, pamalo athyathyathya pamene, anthu anatero, pangakhale bwino kumangapo kanyumba.

Mitambo inali itayamba kusonkhana paphiri, ndipo mwamuna sadya za apongozi manja ali m'thumba. M'mawa wina Venâncio potsegula chitseko anapeza khasu litatsamira khoma. Analitembenuza. Linali la mtundu uja ankagawira asilikali potula mfuti. Amós anati analigula motchipa pamsika wa Moatize chaka cha mtendere, kwa munthu wina wopusa amene sanam'funse dzina.

Sabata yomweyo a Matilde anauza mphika umene ankatsuka, Dionísia ali pafupi, kuti n'zachisoni chithandala chabwino chotere kumangochita dzimbiri pagalimoto yakufa. Venâncio anauza tayala kuti wamva. Anachimasula yekha, nachikhazika pa mafoloko anayi a mtengo pakhomo pa apongozi, ndipo mbale zimauma msanga pamenepo kuposa pa thandala lina lililonse m'mudzimo, chifukwa mphepo imazipeza kulikonse.

Madzulo ake akuchokera kumunda, matuza ali m'manja, matope ali m'mapazi onse awiri, anapeza Dionísia atam'tenthetsera madzi, Gina akusewera ndi nsapato ya kumanzere.

"Mwakwinyiranji nkhope, atate ake a Gina?" anatero Dionísia, akumuthirira madzi m'manja. "Mesa munkafuna mkazi wanu? Ndi uyu."